Ulendo wa ku yunivesite umayambira Folomu 2: momwe ntchito ikuyendera m'sukulu zinayi za CDSS

Izi ndi zolemba za gulu la aphunzitsi ndi ophunzira a pa yunivesite lomwe likuyendera sukulu zinayi za CDSS (sekondale zoyendera za m'madera) za m'kalasta imodzi, kuthandiza ana ndi makolo awo kukonzekera maphunziro a kukoleji. Talemba motsatira chaka cha sukulu kuti ena ofuna kuyamba ntchito yonga iyi aone pomwe zikuyenda ndi pomwe zikukanika. Mayina a sukulu ndi a ana tawasiya dala.

Teremu yoyamba, sabata yachiwiri

Kalata yoyamba inapita ku ofesi ya divishoni, chifukwa sukulu za sekondale zimayang'aniridwa kuchokera kumeneko ndipo ahedi sangalowetse alendo m'kalasi popanda mawu ochokera kumtunda. Chilolezo chitatuluka tinakumana ndi ahedi onse anayi pa sukulu yotsogolera kalasta, kenako komiti ya PTA ya sukulu iliyonse, kenako agulupu a deralo. Mfumu siidumphidwa. Mukaidumpha, tsiku la msonkhano wa makolo mudzalankhula ndi mabenchi.

Sukulu iliyonse yatipatsa mphunzitsi mmodzi wolumikizana naye. Tinapempha kuti asakhale ahedi, poti iwo misonkhano imawachulukira. Mphunzitsi wa kalasi ndiye amadziwa mwana amene wajomba komanso chomwe wajombera.

Kupeza nthawi kunavuta. Mapiriyodi a kalasi sitikhudza. Masana zipinda zimatengedwa ndi a open school. Loweruka a Seventh Day sabwera, Lachisanu masana Asilamu ali ku mzikiti, ndipo tsiku la msika ana ambiri amakhala pa bizinesi ya makolo. Tagwirizana kukumana Lachitatu akaweruka, ola limodzi ndi theka, pansi pa mtengo ngati chipinda palibe. Za mulabotale zizichitika Loweruka m'mawa sabata ino, Lamlungu masana sabata yamawa, kuti aliyense apeze tsiku lake.

Sabata yachinayi

Tinagawa pepala la mafunso asanu kwa a Folomu 2 ndi a Folomu 4: ukufuna kudzagwira ntchito yanji, imaphunziridwa kuti, imafuna maphunziro ati pa MSCE, kirediti imalekezera giredi yanji, ndipo kwanu amalipira fizi ndani. Funso loyamba aliyense anayankha msanga: dokotala, namwino, loya, injiniya, mphunzitsi. Pa funso lachitatu ndi lachinayi mapepala ambiri anabwera oyera.

Mayina a makoleji omwe ana amadziwa ndi akale. Amalemba Poly, Chanco, Bunda monga amamvera kwa akuluakulu, pomwe pa fomu yofunsira malo adzakumana ndi mayina ena. Mu 2021 yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: UNIMA ya ku Zomba, MUBAS ya ku Blantyre yomwe inali Polytechnic, ndi KUHeS yomwe inaphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Bunda ili pansi pa LUANAR pamodzi ndi NRC (Natural Resources College). Tikaonjezera MZUNI ya ku Luwinga ndi MUST ya ku Thyolo, mayunivesite a boma akukwana asanu ndi limodzi. Tajambula zonsezi pa chipepala chimodzi chachikulu cha m'kalasi iliyonse. Muzikhomera ndi timisomali. Selotepi imamatuka mvula ikangoyamba.

Pulani yoyamba inali ndi nkhani zolimbikitsa zitatu pa teremu, zija mlendo wa suti amabwera kudzanena kuti limbikirani. Ziwiri tazichotsa. Khumbo ana awa ali nalo kale, koma njira sakuidziwa.

Sabata yachisanu ndi chimodzi: kuwerenga mapointi

MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 ndi kulephera. Mapointi amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa, ndiye ochepetsetsa ndi 6. Wofunsira malo ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi.

Izi ana amaloweza mosavuta. Chomwe chimawapweteka ndi kuganiza kuti mapointi ndiye zonse. Ndiye timalemba pa bolodi zotsatira zitatu zongoyerekeza.

Mwana woyamba: Chichewa 2, Agriculture 2, Geography 3, Biology 3, Chingerezi 4, Bible Knowledge 4, Masamu 7. Mapointi 18, kumudzi nthungululu. Mwana wachiwiri: Masamu 3, Physics 3, Chemistry 4, Biology 4, Chingerezi 5, Geography 5. Mapointi 24. Wachitatu ali ndi mawani ndi matuu okhaokha, koma Chingerezi 7.

Tikafunsa kuti mwa awiri oyambawo ndani angafunsire digiri ya unamwino kapena ya uinjiniya, manja amakwerera wa mapointi 18. Pamenepo timatsegula chilengezo cha chaka chatha choitana ofunsira malo ku mayunivesite a boma n'kuwerengera limodzi zofunika pa pulogalamu iliyonse. Woyamba uja Masamu ali ndi pasi chabe, Physics ndi Chemistry alibe, choncho uinjiniya, zaumoyo, zowerengera ndalama ndi mapulogalamu ambiri a zaulimi zamutsekera. Wachiwiri mapointi ake ndi okwererapo, ndipo mpikisano ungamugwetse, koma ali ndi ufulu wofunsira. Wachitatu fomu yake siiwerengedwa n'komwe. M'kalasi mumakhala zii kwa kanthawi, kenako mafunso amagwa ngati mvula.

Pomaliza mwana aliyense amatenga zotsatira zake za teremu yatha, kuzisandutsa magiredi, n'kuzunguliza ndi pensulo phunziro lomwe likumutsekera khomo. Pepalalo limakhala kwa mphunzitsi wolumikizana naye ndipo tizilitulutsa teremu iliyonse. Pensulo yazungulira kwambiri Masamu ndi Chingerezi, ndiye maola obwereza tawaunjika pamenepo. Pa Chingerezi tikulimbana ndi kulemba chimangirizo, kufupikitsa nkhani ndi mabuku a litirecha, omwe sukulu zina zili ndi makope ochepa oti ana amabwerekana usiku umodzi umodzi.

Sabata yachisanu ndi chitatu: kutsikira ku Folomu 2

Apa ndiye pasintha kwambiri. Ntchito inakonzedwera Folomu 4 yokha, koma tapeza kuti tikumafika madzi atafika kale m'khosi. Mwana akalemba JCE n'kulowa Folomu 3 amasankha maphunziro, ndipo amene wasiya Physics kapena Chemistry tsiku limenelo wadzitsekera udokotala, ufamasi ndi uinjiniya kutatsala zaka ziwiri kuti alembe MSCE. Ambiri sasiya chifukwa cholephera. Ena anauzidwa ndi a Folomu 4 kuti sayansi imakweza mapointi. Ena sukulu yawo ilibe mphunzitsi wa phunzirolo. Ena amaopa pulakitiko poti mulabotale sanalowemo chibadwire. Palinso chizolowezi choipa chokankhira ana ofooka ku maphunziro omwe amati ndi osavuta kuti chiwerengero cha okhoza chioneke bwino pa bolodi la ahedi.

Takonza khadi la tsamba limodzi lamutu woti "Ukasiya ichi, watseka izi", m'Chichewa, ndipo ahedi avomera kuti mwana asasiye phunziro kholo lisanasaine khadilo. Sitikukakamiza aliyense kutenga sayansi. Mwana amene mphamvu zake zili ku zilankhulo ndi History tikumuonetsa njira ya uphunzitsi, utolankhani ndi zina. Ofuna uloya tikuwachenjeza kuti kwa zaka zambiri ku Zomba sankatenga munthu wa zamalamulo molunjika kuchokera ku MSCE, ankayamba kaye pulogalamu ina, choncho aziwerenga chilengezo cha chaka chawo osadalira zonena za mchimwene amene anapitako kale. Masamu okha ndiye tikunena mosapsatira: kirediti ya Masamu iyenera kusakidwa ndi aliyense.

Teremu yachiwiri, masabata oyamba: labotale ya m'bokosi

Mwa sukulu zinayizi imodzi yokha ndiyo ili ndi chipinda cha labotale. Tasonkhanitsa zipangizo m'mabokosi atatu apulasitiki, limodzi la phunziro lililonse, ndipo amayenda pa galimoto kapena pa njinga yamoto msewu ukaterera. Magulu ndi a ana anayi. Akakwana asanu ndi mmodzi, awiri amagwira ntchito, ena anayi amangoonerera.

Bokosi la Chemistry lili ndi ma burette (machubu agalasi oyezera madzi, okhala ndi kampopi pansi) ndi zoimikira zake, ma pipette (timachubu totungira madzi a muyeso wake), mabotolo a conical, phenolphthalein, asidi ndi sodium hydroxide zosungunula kale, magalasi oteteza maso ndi malita asanu a madzi a distilled (oyeretsedwa, opanda mchere uliwonse). Zolakwika zikubwerezedwa m'sukulu zonse. Ana amawerenga burette ataima chilili, diso lili pamwamba, m'malo moweramira kuti diso lifanane ndi pansi pa kupindika kwa madziwo. Amaiwala kutulutsa mpweya wotsalira kunsonga, ndiye kuwerenga koyamba kumakwera. Amatsegula mpopi wonse mpaka mtundu usinthiretu, osachepetsa kuti azidontheza dontho limodzi limodzi akamayandikira. Amauzira dontho lomaliza la mu pipette, lomwe liyenera kutsala. Tsiku lina madzi a distilled atatha wina anatunga a pa mjigo kutsukira ndi kusungunulira, ndipo manambala a magulu onse anabalalika. Madzi a pansi amakhala ndi mchere wake womwe umasokoneza asidi. Kuyambira pamenepo botolo la distilled lili ndi chizindikiro chofiira ndipo limasungidwa ndi munthu mmodzi.

Ku Biology tayamba ndi kuyeza zakudya: iodine ya sitachi, Benedict's ya shuga, Biuret ya mapulotini. Zoyezera n'zapakhomo: ufa, nthochi yakupsa, choyera cha dzira, mtedza. Benedict's imafuna kutenthetsedwa m'madzi owira kwa mphindi zingapo, ndipo pomwe palibe gasi mbaula ya makala ndi kapoto zimagwira ntchito. Ana amaichotsa msanga ikadali yabuluu n'kulemba kuti shuga mulibe. Vuto lina ndi lolemba: amathamangira kunena kuti muli sitachi osalemba kaye mtundu womwe aona, pomwe malikisi ali pa zonse ziwiri. Pojambula tsamba kapena duwa amapaka mthunzi ngati chithunzi cha pakhoma, mizere yolozera n'kumapingasana.

Ku Physics muli masipuling'i, miyala yoyezera kulemera, mawotchi, ma lens, mabatire, mawaya, ammeter ndi voltmeter. Ammeter imalumikizidwa mumzere umodzi ndi babu, voltmeter mopingasa babuyo. Akasinthanitsa, singano imamenya kumapeto kapena siyenda n'komwe. Mabatire muzitenga atsopano ulendo uliwonse ndipo azichotsedwa m'zotengera akamaliza. Pa girafu ana amasankha sikelo yothinana pakona imodzi ya pepala, amaiwala mayunitsi, ndipo amalumikiza madontho ngati mano a sowo m'malo mojambula mzere umodzi wodutsa pakati.

Galasi limasweka. Mu bajeti tinaiwala kuika ya zosweka, ndipo tsopano taikamo. Mwana woswa burette sakulipitsidwa, chifukwa mukangolipitsa mmodzi ena onse manja amapita kumbuyo.

Pakati pa teremu yachiwiri: msonkhano wa makolo

Msonkhano woyamba tinauika mu Januwale ndipo unalephereka. Anthu ali kumunda kupalira ndi kubandira, ena ali pa ganyu, mitsinje yadzaza, ndipo kukamba za fizi ya ku yunivesite mwezi wa njala kuli ngati chipongwe. Tinausunthira kumapeto kwa Malichi, zakumunda zitayamba kucha. Uthenga unadzera kwa mafumu, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Makalata opatsira ana ambiri amathera m'chikwama.

Pa kalata tinalemba kuti abwere amene amalipira fizi, ndipo zinathandiza. Kuno mwana ndi wa mbumba. Nthawi zambiri mawu omaliza pa ndalama ndi pa ulendo wa mtsikana amakhala kwa amalume, kapena kwa agogo amene akulera ana amasiye. Mukalankhula ndi bambo okha, nkhani imakagamulidwanso kwina inu kulibe.

Zonse zinakambidwa m'Chichewa. Pa bolodi tinalemba mitu ya ndalama popanda kubisa: yofunsira malo, thiransipoti, fizi, lendi, chakudya, sopo ndi zofunda, foni yotha kulowa pa intaneti, mabandulo, kusindikiza ndi kufotokopa. Mitengo timaitenga ku makalata a chaka chimenecho a yunivesite iliyonse, chifukwa imasintha. Makolo ambiri akukumbukirabe nthawi yomwe wosankhidwa ankadya ku kafeteriya n'kulandiranso alawansi. Nthawi imeneyo inapita. Malo a m'hositelo ndi ochepa, ndipo ophunzira ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu, n'kumadziphikira.

Nkhani ya ngongole inatenga nthawi yaitali kuposa zonse. Bungwe la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limabwereketsa ndalama kwa ophunzira ovutika. Mfundo zomwe timabwereza ndi izi. Ndi ngongole, imabwezedwa mwana akamaliza. Imafunsiridwa payokha, mwana atasankhidwa kale, ndipo ili ndi tsiku lake lotsekera. Si aliyense wofunsira amene amapatsidwa, ndipo wopatsidwa mwina sangalandire zonse zomwe anapempha. Ndalamayo siimudikira mwana pa geti tsiku lotsegulira. Banja liyenera kukhala ndi yoyambira: thiransipoti, lendi ya mwezi woyamba, ufa ndi ndiwo za masabata angapo.

Amalume ena anaimirira n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mwanayu akakongola n'kulephera kupeza ntchito, adzatilanda munda?" Funso lotere lisamayankhidwe mothamanga. Tinafotokoza kuti wokongola ndi wophunzirayo, ndipo tinawerenga mokweza mawu a pa fomu ya chaka chatha onena za kabwezedwe ndi za mboni, n'kuwamasulira mzere ndi mzere. Tinawalangiza kuti asadzasaine pepala lomwe silinawerengedwe pamaso pawo.

Amayi anafunsa zina. "Mwana wamkazi akakakhala pa lendi yekha m'tauni, adzabwera ndi digiri kapena ndi mwana?" Apa anayankha ndi ophunzira aakazi a m'gulu lathu, amuna titatuluka, pamodzi ndi amayi a mother group. Anakamba za kufunsira hositelo msanga, kuchita lendi awiriawiri ndi mnzawo wodziwika, komanso kuti mtsikana wosowa ya chakudya ndiye amagwa m'manja mwa azibambo. Tinakumbutsanso kuti boma lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, choncho amene anasiyira Folomu 3 aitanidwe.

Pa kasungidwe ka ndalama tagwirizana zosavuta: pokolola banja lipatule thumba limodzi kapena awiri a chimanga, soya kapena mtedza m'dzina la mwanayo, osagulitsa nthawi yokolola mitengo ili pansi. Omwe ali mu banki mkhonde aone mwezi womwe gulu lawo limagawana, aufananize ndi mwezi wotsegulira. Ana amasiye ndi ovutikitsitsa talemba mayina awo kuti aphunzitsi akawatule ku ofesi ya social welfare ya kwa DC kukadali nthawi.

Sabata yomweyo: mayina

Ntchito iyi ndi yotopetsa, ndipo ndi imene ikupulumutsa ana ambiri. Timaika mapepala atatu pa tebulo: kaundula wa sukulu, mndandanda wa olembetsa mayeso a MANEB, ndi chiphaso cha unzika cha NRB. Mwana amawerenga yekha dzina lake chilembo ndi chilembo, kenako tsiku lobadwa. Zomwe zikupezeka: Mphatso kwina walembedwa Mphaso; ku pulayimale ankatchulidwa dzina la amalume, pa chiphaso pali la bambo; dzina loyamba ndi la makolo zasinthana malo; chaka chobadwa chinachepetsedwa pobwereza Sitandade 8. Satifiketi ikatuluka ndi dzina losiyana ndi la pa chiphaso, vuto limamutsata mwana pa fomu ya yunivesite, pa ngongole ndi ku banki, ndipo kukonza pambuyo kumafuna maulendo ndi malumbiro omwe banja la kumudzi silingakwanitse msanga. Kukonza mndandanda usanatsekedwe kumangofuna cholembera cha ahedi.

Chiphaso cha unzika chimatengedwa munthu akakwana zaka 16, ndipo sichituluka tsiku lomwelo. Aliyense wa Folomu 3 amene wakwanitsa zakazo tikumutumiza kukalembetsa chaka chino.

Mwana aliyense wa Folomu 4 watsegulirwanso imelo ya Gmail ya dzina lake lenileni, osati dzina la pa Facebook, ndipo wasankha nambala imodzi ya foni yomwe idzakhalepobe chaka chamawa, kaya ndi ya amayi. Imelo, pasiwedi ndi nambala zalembedwa m'kati mwa chikuto cha kope lomwe likusungidwa kunyumba limodzi ndi khadi la kusikelo ndi mapepala ena ofunika.

Teremu yachitatu

Ulendo wokaona yunivesite unali wa tsiku limodzi: basi, chakudya chamasana, kalata yosainidwa ndi kholo, ndi mphunzitsi wamkazi pa gulu lililonse la atsikana. Tinatenga a Folomu 2 ndi 3, osati a Folomu 4, omwe nthawi yawo ndi yowerengeka. Kupatula laibulale ndi labotale, tinawalowetsa mu lekichala yeniyeni kwa theka la ola, tinawaonetsa ofesi yolipirira fizi ndi ya dean of students (mkulu woona za umoyo wa ophunzira), ndipo tinawapititsa ku chipinda cha lendi cha wophunzira wina kuti aone mbaula, ndowa ndi matiresi a pansi. Tinapatsanso mipando isanu kwa makolo osankhidwa ndi PTA. Zomwe akafotokoze pa mjigo zidzamveka kuposa zathu.

A Folomu 4 tinangowapatsa mapepala a mayeso akale, kuwalembetsa pa nthawi yake yeniyeni ndi kuwachongera mwamsanga. Kutatsala masabata atatu kuti mayeso ayambe tinaimitsa zonse.

Mayeso atatha

Ana abalalika: ena kwa achibale m'tauni, ena ku maganyu, ena ku nyanja. Gulu la WhatsApp lomwe tinatsegula likufikira ochepa okha omwe ali ndi mafoni aakulu. SMS, zolengeza za m'tchalitchi ndi pepala lokhomedwa pa chitseko cha ahedi ndizo zikugwira ntchito. Chaka chamawa WhatsApp ikhala yongoonjezera.

Zotsatira zitatuluka: masiku odzaza mafomu

Kusankhira ana ku mayunivesite a boma kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a pamwamba lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo kufunsira kumachitika pa intaneti. Kota, ija yogawa malo potengera maboma, boma linalengeza kuti yathetsedwa mu 2020, koma makolo ena akulangizabe ana kulemba boma la kwa agogo poganiza kuti mwayi uchuluka. Tikuwauza kuti alembe zoona.

Chilengezo chitangotuluka tinachisindikiza chonse, kope limodzi pa sukulu, chifukwa pa foni mwana amangowerenga tsamba loyamba. M'menemo muli zaka za MSCE zomwe zikuloledwa, zofunika pa pulogalamu iliyonse, njira yolipirira ndi tsiku lotsekera. Tsiku loyamba palibe amene amakhudza kompyuta. Mwana amadzaza zonse pa pepala ndi pensulo, mphunzitsi n'kuona, kholo n'kumva. Tsiku lachiwiri ndiye lolowetsa.

Katundu wa tsikulo: malaputopu atatu otchajiratu, ka MiFi ndi ma SIM a Airtel ndi TNM onse awiri poti netiweki imasiyana malo ndi malo, ma power bank, pulintara yaing'ono ndi jenereta yobwereka magetsi akazima. Kuyamba m'mamawa kumathandiza. Sabata yomaliza aliyense amathamangira nthawi imodzi ndipo tsambalo limalemera, ndiye tikulinga kumaliza kutatsala masiku khumi.

Pomwe ana akugwa kwambiri ndi pa kusankha. Amadzaza mipata yonse ndi mapulogalamu omwe dziko lonse likulimbirana, udokotala pamwamba, ufamasi pansi pake, unamwino pansi pakenso, ndipo akagwa pa woyamba amagwa ponse. Ena amalemba pulogalamu yomwe alibe kirediti yake, mpata n'kutayika chabe. Ena amasankha dzina la yunivesite osaona zomwe akaphunzire. Lamulo lathu ndi loti mwana aone kaye ngati ali ndi makirediti onse ofunika, ndipo wopanda ngakhale imodzi apite pa pulogalamu ina. Pamwamba aike yomwe mtima ukufuna, pakati yofanana ndi magiredi ake, pansi yomwe ali ndi mpata waukulu koma angaikonde ndithu. Yapansiyo isakhale yongodzazira, chifukwa kusintha pulogalamu utalowa n'kovuta.

Zolakwika zing'onozing'ono nazo zikuluma: nambala ya mayeso kulakwitsa dijiti imodzi, kulipira osalemba nambala yomwe tsamba lapereka, kutaya lisiti, chithunzi cha pepala la zotsatira chosaoneka kapena cholemera kwambiri mwakuti sichikukwera, komanso kutseka laputopu fomu isanatumizidwe. Ana omwe anadzazitsa pa ma cafe a pa tauni tawapeza kuti wolembayo anaika imelo ndi nambala yakeyake, moti mwana sangalowenso kuona chilichonse. Aliyense pano akuchoka ndi pepala losindikiza la fomu yotumizidwa, ndipo lisiti ikujambulidwa pa foni ziwiri. Mwana wolumala, kaya ndi wa vuto la maso kapena la kumva, alembe pa fomu. Kubisa kumangomumanitsa thandizo.

Achinyengo ayamba kale kuimba mafoni kuti ali ndi munthu m'kati, tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money dzina lituluke. Malo a ku yunivesite ya boma sagulidwa pa nambala ya munthu. Talengeza izi m'matchalitchi onse a m'dera.

Ana omwe makirediti sanakwane, kapena magiredi awo sangapikisane, ndi ambiri kuposa ofunsira ku NCHE, ndipo tawapatsa tsiku lawolawo. Pali makoleji a aphunzitsi a pulayimale monga Machinga, Kasungu, Karonga, Lilongwe ndi Blantyre. Domasi ndi Nalikule a aphunzitsi a sekondale. Makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA monga Soche, Nasawa, Salima, Namitete ndi Lilongwe. Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi Mulanje Mission. Zilengezo zawo zimatuluka pa nthawi zosiyanasiyana, choncho mphunzitsi wolumikizana naye wapatsidwa ntchito yoyang'ana nyuzipepala ndi kukhoma zilengezo. Wofuna koleji yomwe si ya boma ayambe waona ngati kolejiyo ndi pulogalamu yakeyo zili pa mndandanda wovomerezeka wa NCHE, ndipo ya zaumoyo ikhale yodziwika ku Nurses and Midwives Council kapena Medical Council, asanalipire tambala. Amene wagwa pa phunziro limodzi, makamaka Chingerezi kapena Masamu, tikumulangiza kulembanso, ataona kaye zomwe chilengezo chikunena pa kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri.

Zomwe zatsala

Mndandanda wa osankhidwa ukatuluka tikhala ndi tsiku la mafomu a ngongole, ndipo mapepala otsimikizira umphawi kapena umasiye tayamba kale kuwasonkhanitsa. Tikufunanso kuti aliyense wosankhidwa apatsidwe wophunzira wa chaka chachiwiri womulandira pa depoti ndi kumuthandiza kupeza nyumba. Sukulu imodzi ikadalibe mphunzitsi wa Physics. Kalata yapita ku divishoni, ndipo pakadali pano ana ake aziphunzira Loweruka ku sukulu yotsogolera kalasta, mtunda wa ola limodzi pa njinga. Ma burette anayi akufunika kugulidwa Folomu 3 yatsopano isanasankhe maphunziro.